Kuwerenga Mamendulo a Keyala: Zimene Riboni ndi Tizitsulo Take Zimanena

Mendulo ya msilikali ili ndi mbali zitatu. Pali chitsulo chenichenicho, chozungulira ngati ndalama kapena chosulidwa ngati nyenyezi. Pali riboni, kansalu ka mizeremizere komwe chitsulocho chimalendewerako. Ndiye pali tizitsulo ting'onoting'ono tomwe nthawi zina timamangiriridwa pa riboniyo: kachitsulo kopingasa kolembedwa dzina la dziko, kaduwa ka siliva, nambala, kapena tsamba la mkuwa. Munthu akaigwira mendulo, maso amathamangira ku nkhope ya mfumu ya ku Mangalande yomwe ili pachitsulopo, komatu nkhopeyo imangonena nyengo basi. Kumene msilikaliyo adaponda, gulu lomwe adali, ndiponso ngati adachita china choposa anzake, zonsezo zimalembedwa pa riboni ndi pa tizitsulo take.

M'midzi ya kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe, cha ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma, mamendulo otere akadalipo. Amakhala pansi pa sutikesi yamalata kapena m'chitini cha tiyi, pamodzi ndi makadi a ubatizo ndi ziphaso zakale za fodya. Eni ake ambiri adatisiya, ndipo zomwe adzukulu amadziwa n'zoti agogo adali ku Keyala, kapena adapita ku nkhondo ya Hitler. Munthu wodziwa kuwerenga riboni akhoza kuwonjezerapo zambiri pa mawu ochepawa.

Amene adapita ku Keyala

Gulu la King's African Rifles, lomwe anthu ankangoti Keyala, lidakhazikitsidwa pa 1 January 1902. Mabataliyoni ake awiri oyamba adachokera ku Central Africa Regiment, asilikali a dziko lino omwe likulu lawo lidali ku Zomba. Pazaka zoyambirira Azungu ankakonda kulemba Ayao, Atonga ndi Angoni, kenaka Alomwe. Achewa a m'chigwa cha Lilongwe sankawawerengera kwenikweni pa za mfuti, ndipo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ambiri a iwo adatengedwa ngati amtengatenga. Zinthu zidasintha pa nkhondo yachiwiri, pomwe boma lidafuna anthu ochuluka n'kuyamba kulemba asilikali kudzera kwa mafumu m'maboma onse. N'chifukwa chake mendulo yopezeka kwa Kalolo, kwa Kabudula, kwa Khongoni kapena kwa M'bwatalika nthawi zambiri imakhala ya pakati pa 1939 ndi 1945, kapena ya ku Malaya. Zakale kuposa apa zimapezeka mwa apo ndi apo, makamaka m'mabanja omwe kholo lawo lidabwera kudzakwatira kapena kudzagwira ntchito m'minda ya fodya kuchokera kum'mwera kapena kunyanja.

Ntchito yozindikira mendulo imayambira m'mphepete mwa chitsulo. Pa mamendulo ambiri a Britain adadindapo nambala ya msilikali, udindo wake, dzina ndi gulu lake, zilembo zazing'ono zofuna kuwala kwabwino. "Pte" ndi msilikali wamba, "Cpl" ndi kopolo, "Sjt" kapena "Sgt" ndi sajeni. Zolemba ngati "1/K.A.R." kapena "2/K.A.R." zikuloza magulu a ku Nyasaland. Pa nkhondo yoyamba magulu adakula n'kugawidwa, kotero "2/1 K.A.R." ndi bataliyoni yachiwiri ya rejimenti yoyamba. Asilikali ambiri a kuno a m'zaka za m'ma 1940 nambala zawo zinkayamba ndi zilembo DN. Dzina lenilenilo lisadabwitse munthu likakhala limodzi lokha kapena lolembedwa mokhota, pakuti wolembayo ankangolemba zomwe khutu lake lamva. Chodalirika ndi nambala. Ena adali mu Rhodesia Native Regiment, gulu lomwe lidapangidwa mu 1916 ndipo lidatenga amuna ambiri a kuno omwe adali pantchito ku Southern Rhodesia.

Kachitsulo kopingasa

Kachitsulo kopingasa, komwe osonkhanitsa mamendulo amakatcha clasp, kamakhala pamwamba pa chitsulo chachikulu, riboni n'kudutsa kumbuyo kwake. Boma la Britain linkasula mendulo imodzi yogwira ntchito zaka zambiri, ndiye nkhondo iliyonse yaing'ono inkapatsidwa kachitsulo kakekake. Msilikali akamenya nkhondo yachiwiri sankalandira mendulo ina, ankangowonjezeredwa kachitsulo. Koyamba kulandira kamakhala pansi, kufupi ndi mendulo, ndipo wowerenga amakwera nato m'mwamba motsata zaka.

Yakale kwambiri yokhudza dziko lino ndi Central Africa Medal, ya nkhope ya Mfumukazi Victoria. Riboni yake ili ndi mizere itatu yofanana kukula: wakuda, woyera ndi wofiirira ngati dothi lakatondo, kuimira asilikali achikuda, Azungu ndi Amwenye omwe ankamenya limodzi. Yoyamba kutuluka, ya nkhondo za 1891 mpaka 1894, imalendewera pa mphete ndipo ilibe kachitsulo. Yachiwiri ili ndi kachitsulo kolembedwa "Central Africa 1894-98". Mawu ochepawa akubisa zambiri. M'katimo muli kugonjetsedwa kwa Mlozi ku Karonga mu 1895, kuthiridwa nkhondo kwa Mwase ku Kasungu kumapeto a chaka chomwecho, kuphedwa kwa Inkosi Gomani mu 1896, ndi nkhondo ya kumayambiriro a 1898 yolimbana ndi Angoni a Mpezeni, yomwe idathera pa kuphedwa kwa mwana wake Nsingu. Msewu wodutsa pa Namitete kupita kumalire umakafika ku Mchinji, boma lomwe kale linkatchedwa Fort Manning potengera William Manning, mkulu wa asilikali a nthawi imeneyo. Kachitsuloko sikanena kuti mwini wake adali pa nkhondo iti mwa zimenezi. Zimenezo zimapezeka m'kaundula wa mendulo basi.

Yotsatira ndi Africa General Service Medal ya 1902. Riboni yake ndi yachikasu, yakuda m'mbali zonse ziwiri, ndi timizere tiwiri tobiriwira pakati. Mendulo imeneyi sinkaperekedwa yopanda kachitsulo, choncho ikapezeka yopanda kanthu ndiye kuti kachitsuloko kadathyoka kapena wina adakachotsa. Tizitsulo take tilipo toposa 40, koma tokhudza asilikali a kuno n'tochepa. "B.C.A. 1899-1900" ndi ka nkhondo za m'dziko momwe muno ndi m'madera oyandikana nalo. "Somaliland 1902-04" ndi ka nkhondo yolimbana ndi Mohammed Abdullah Hassan, komwe Alexander Cobbe adapata Victoria Cross pa Erego mu October 1902 akutsogolera asilikali a ku Zomba. Ndiye mwini dzina la Cobbe Barracks. Komweko, pa Gumburu mu April 1903, gulu la bataliyoni yachiwiri lidatsala pang'ono kutheratu. "Jidballi", ka nkhondo ya pa 10 January 1904, sikayenda kokha, kamakhala pamwamba pa ka Somaliland.

Kachitsulo komwe kamautsa mtima wa Mmalawi ndi kolembedwa "Nyasaland 1915". Kadaperekedwa kwa asilikali a Keyala, apolisi ndi Azungu odzipereka omwe adathetsa kuwukira kwa John Chilembwe, komwe kudayamba pa 23 January 1915 n'kutha iye ataphedwa pa 3 February. Miyezi iwiri m'mbuyo mwake Chilembwe adali atalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yomwe si yawo. Lero nkhope yake ili pa ndalama ndipo dziko limamukumbukira pa 15 January, pomwe mendulo ya omwe adamusaka ili m'mabokosi a osonkhanitsa kunja. Banja lomwe lili nayo lisachite nayo manyazi. Ndi umboni wa mbiri, ndipo msilikali wamba sankasankha kolowera. Koma poti kachitsuloka n'kosowa ndipo kamakweza mtengo, ndi komwenso akamberembere amakonda kumata pa mendulo yomwe sidali nako. Apa nkhope ya mfumu imathandiza. Mendulo imeneyi idasulidwa ndi nkhope zitatu zokha: Edward VII, George V ndi Elizabeth II. "Nyasaland 1915" kali kokha kayenera kukhala pa ya George V. Kakakhala pa ya Edward VII, pansi pake payenera kukhala kachitsulo kena kakale, kusonyeza kuti munthuyo adali nayo kale menduloyo. Kachitsulo ka "Kenya", ka nthawi ya Mau Mau kuyambira 1952 mpaka 1956, kamayenda ndi nkhope ya Elizabeth II, ndipo mu Keyala kawirikawiri ndi ka asilikali a ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika.

Nkhondo ya Chiwaya

Nkhondo yoyamba, yomwe akuluakulu ankaitcha ya Chiwaya chifukwa cha mfuti yolakatika zipolopolo, idafika m'dziko muno msanga. Pa 9 September 1914 Ajeremani adamenyana ndi Keyala ku Karonga. Mamendulo ake ndi atatu. 1914-15 Star ndi nyenyezi ya mkuwa, riboni yake yofiira, yoyera ndi yabuluu, mitunduyo yolowererana popanda malire akuthwa, ndipo dzina lidalembedwa kumbuyo osati m'mphepete. British War Medal ndi ya siliva, riboni yake ya mtundu wa lalanje pakati, kenaka yoyera, yakuda ndi yabuluu m'mbali. Victory Medal imadziwikira patali ndi riboni ya utawaleza wowirikiza. Nyenyeziyo sinkaperekedwa yokha, kotero banja lomwe lili ndi nyenyezi yokhayo lidziwe kuti awiri ena adatayika. Amene adalowa usilikali chaka cha 1915 chitatha, monga omwe adadzaza bataliyoni yachiwiri itayambitsidwanso mu 1916, adalandira awiri okha. Bataliyoni imeneyi idali itathetsedwa mu 1911 pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo ena mwa ochotsedwawo adawoloka malire n'kukalembetsa kwa Ajeremani, kotero pa nkhondoyi panali anthu ophunzitsidwa ku Zomba mbali zonse ziwiri.

Mamendulo atatuwa alibe tizitsulo topingasa. Chokhacho choyenera kupezekapo ndi kanthambi ka masamba a mtengo wa oak, ka mkuwa, pa riboni ya utawaleza. Kaduwa ka siliva pa riboni yofiira, yoyera ndi yabuluu n'kolakwika kwa msilikali wa Keyala. Riboni yomweyo imagwiranso ntchito pa 1914 Star, nyenyezi ina ya omwe adamenya ku France ndi Belgium pakati pa August ndi November 1914, ndipo kaduwako n'ka iwowo.

Amtengatenga, omwe olemba mbiri amati adafika pafupifupi 200,000 m'dziko muno, ambiri adabwerera opanda chovala pachifuwa. Midzi ya ku Lilongwe idapereka mitu ndi mapewa ochuluka pa nkhondo imeneyi, koma mendulo zake n'zosowa kwambiri m'deralo. Buku la Melvin Page lotchedwa The Chiwaya War lidasonkhanitsa zokumbukira za anthu amenewa.

Nyenyezi za nkhondo ya Hitler

Apa ndi pomwe mabanja ambiri a m'dera lino ayenera kutcherapo khutu, ndipo pali vuto limodzi lalikulu: mamendulo a Britain a nkhondo yachiwiri, kupatula aukatswiri, adaperekedwa opanda maina. Palibe nambala, palibe gulu. Mendulo ikangosiyana ndi mapepala a mwini wake, palibenso chonena kuti idali ya yani. Komanso zitsulozo zidasulidwa nkhondo itatha, asilikali atavala kale mariboni okha, ndiye pali mabanja omwe adasunga kachingwe ka mariboni koma mendulo sadaione.

Nyenyezi zonse zimafanana maonekedwe, za nsonga zisanu ndi imodzi, kusiyana kwake ndi dzina lozungulira pakati ndi riboni. Ya 1939-45 Star ili ndi mizere itatu yofanana: buluu woderapo wa ankhondo a pamadzi, wofiira wa apamtunda, ndi buluu wowala wa a m'mlengalenga. Msilikali wapamtunda ankailandira atatha miyezi isanu ndi umodzi kumalo ankhondo. Povala, buluu woderapoyo amakhala cha pakati pa chifuwa. Akakhala cha kuphewa, riboniyo idasokedwa chotembenuza, ndipo chimenechi n'chizindikiro choti wina adaisinthapo.

Africa Star ili ndi riboni ya mtundu wa mchenga, mzere waukulu wofiira pakati, kamzere ka buluu woderapo mbali ina ndi ka buluu wowala mbali inayo. Asilikali a ku Nyasaland adaipata polimbana ndi Mataliyana. Bataliyoni yoyamba idamenya pa Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, mu July 1940, ndipo ndiko kudachokera dzina la Moyale Barracks ku Mzuzu. Yachiwiri idali pa Tug Argan ku British Somaliland mu August chaka chomwecho. Nkhondo ya ku Ethiopia idatha ndi kugwa kwa Gondar mu November 1941. Ulendo wa ku Madagascar wa 1942 sunkawerengedwa pa nyenyezi imeneyi, choncho msilikali yemwe adangopita kumeneko alibe Africa Star, ngakhale chilumbacho chili ku Africa konkuno.

Pa riboni ya Africa Star ndi pomwe pamapezeka manambala, ndipo ndi pomwe anthu amasokonezekera. Nambala 8 ya siliva sikutanthauza kuti munthuyo adamenya nkhondo zisanu ndi zitatu. Ikuimira Eighth Army, gulu lomwe lidamenya m'chipululu cha kumpoto kwa Africa kuyambira pa El Alamein pa 23 October 1942 mpaka pa 12 May 1943. Nambala 1 ikuimira First Army, yomwe idatsikira ku Algeria mu November 1942 n'kumenya mpaka ku Tunisia. Kaduwa ka siliva kakuimira kachitsulo ka "North Africa 1942-43". Munthu ankavala chimodzi chokha mwa zitatuzi. Mabataliyoni a Keyala a kuno sadafike kumeneko, ndiye Africa Star ya msilikali wa ku Nsaru kapena ku Nambuma imayenera kukhala yopanda kanthu. Ikakhala ndi 8, pafunika pepala losonyeza kuti mwini wake adatumizidwa ku gulu lina. Popanda pepalalo, nambalayo ndi yongokongoletsera.

Burma Star ndiyo yomwe akuluakulu ambiri ankainyadira. Riboni yake ndi yabuluu woderapo, mzere waukulu wofiira pakati, ndi timizere ta mtundu wa lalanje toimira dzuwa. Asilikali ambiri a kuno adaipata ali mu 11th East Africa Division, gulu la chizindikiro cha mutu wa chipembere, lomwe lidadzera ku Ceylon n'kulowa m'chigwa cha Kabaw mu 1944 mvula ili mkati, malungo akugwetsa anthu ngati zipolopolo, mpaka kufika pa Kalewa pa mtsinje wa Chindwin mu December. Kaduwa ka siliva pa riboni imeneyi kakuimira kachitsulo ka "Pacific". Lamulo lidali loti woyenera nyenyezi zonse ziwiri, ya Burma ndi ya Pacific, alandire yomwe adayamba kuipata, inayo ikhale kachitsulo chabe. Munthu wovala nyenyezi ziwirizi pamodzi wavala zosaloledwa.

Pambuyo pa nyenyezi pamabwera awiri ozungulira. Defence Medal ili ndi riboni yobiriwira, ya mtundu wa lawi la moto pakati, ndi timizere tiwiri takuda. War Medal 1939-45 ndi yofiira, yoyera ndi yabuluu, ndipo inkaperekedwa kwa aliyense wotha masiku 28 ali pa usilikali. Awiriwa amawala ngati siliva koma ndi a chitsulo chosakaniza mkuwa ndi nickel.

Kaduwa, tsamba ndi nambala

Kaduwa ka siliva kalibe tanthauzo limodzi. N'chimodzimodzi nthambi zoyalidwa pamsewu: pafupi ndi mudzi ndi maliro, pachitunda chopanda nyumba ndi lole yowonongeka. Pa Africa Star kakunena kumpoto kwa Africa, pa Burma Star kakunena Pacific, koma pa riboni ya mendulo yaukatswiri kakunena kuti munthuyo adaipata kawiri. Mamendulo aukatswiri omwe asilikali akuda ankalandira ndi awiri makamaka. Keyala idali ndi Distinguished Conduct Medal yakeyake, yolembedwa "King's African Rifles" kumbuyo, riboni yake yabuluu woderapo, mzere wobiriwira pakati ndi yofiirira m'mbali mwa wobiriwirawo. Mkati mwa nkhondo yachiwiri idasiyidwa ndipo asilikali akuda adayamba kulandira yofanana ndi ya Azungu. Inayo ndi Military Medal ya 1916, yabuluu woderapo ndi timizere toyera ndi tofiira pakati. Awiriwa ali ndi maina m'mphepete, ndipo ndiwo amtengo wapatali kuposa ena onse omwe angapezeke m'mudzi.

Pali lamulo lina lomwe limathandiza kugwira zolakwika. Kachitsulo kopingasa kamavalidwa limodzi ndi mendulo yonse, pa perete ndi pa masiku akuluakulu. Kaduwa ndi nambala ndi za pa kachingwe ka mariboni okha, kovala pa yunifolomu ya tsiku ndi tsiku. China chimalowa m'malo mwa chinzake, sizikhalira pamodzi.

Tsamba la mkuwa ndi la munthu yemwe mkulu wa nkhondo adamutchula dzina mu lipoti lake, dzinalo n'kutuluka mu London Gazette. La nkhondo yoyamba ndi kanthambi ka masamba angapo, ndipo malo ake ndi pa Victory Medal. Kuyambira 1920 lidasanduka tsamba limodzi, ndipo la nkhondo yachiwiri limakhala pa War Medal, osati pa nyenyezi. Munthu ngakhale atchulidwe katatu pa nkhondo imodzi, tsamba ndi limodzi lomwelo. Ankapatsidwanso chikalata, ndipo chimenecho chikapezeka nkhani yatha.

Mizere ya pamkono ya kopolo ndi sajeni, mabaji a pachipewa ndi kachitsulo kowongoka kosonyeza kuti munthu adavulala, komwe kankasokedwa pa mkono wamanzere wa malaya, si za pa riboni. Zisungidwe pamodzi ndi mamendulo koma zisamatidwepo.

Masiku ano kaunjika wabweretsa chisokonezo china. Pa tsiku la msika ku Nsaru kapena ku Mpingu munthu akhoza kutola jekete la asilikali a ku America lili ndi mariboni ake. Zizindikiro zawo zimawerengedwa mosiyana kotheratu. Kwa iwo kanthambi ka oak ka mkuwa kakutanthauza kuti munthu walandiranso mendulo yomweyo, ndipo ka siliva kakuimira ta mkuwa tisanu. Kanyenyezi kakang'ono pa riboni ya kunkhondo kakuimira gawo limodzi la nkhondoyo, ndipo chilembo V chikunena kulimba mtima pomenyana. Tinyenyezi totere kulibe pa mariboni a Britain. Muyezonso umasiyana: a ku America ndi mamilimita 35 m'lifupi, pomwe ambiri a Britain ndi 32, kupatula ochepa monga wa utawaleza uja womwe ndi wotambalala.

Malaya, ufulu ndi ku Congo

Bataliyoni yoyamba ya ku Nyasaland idapita ku Malaya mu 1952 kukasaka zigawenga m'nkhalango, ndipo yachiwiri idakailowa m'malo mu 1953. Mendulo yake ndi General Service Medal, ya siliva, riboni yapepo ndi mzere wobiriwira pakati, kachitsulo kolembedwa "Malaya". Imapezeka ndi nkhope ya George VI, yemwe adamwalira mu February 1952, kapena ya Elizabeth II. Ubwino wake ndi woti ili ndi dzina ndi nambala. Ikakhala pa chingwe chimodzi ndi nyenyezi zopanda maina zija, ndiyo imazipatsa mwini. Chimodzimodzi mendulo ya Keyala ya utumiki wautali ndi khalidwe labwino, ya riboni yofiira ndi mzere wobiriwira pakati.

Chipwirikiti cha 1959, pomwe boma lidalengeza za ngozi pa 3 March n'kumanga Dr Banda ndi anzake, chilibe kachitsulo kake ngakhale Keyala idagwiritsidwa ntchito. Mu 1964 bataliyoni yoyamba idasanduka Malawi Rifles, ndipo omwe adali pantchito pa 6 July adalandira Malawi Independence Medal, riboni yake yakuda, yofiira ndi yobiriwira ngati mbendera.

Adzukulu omwe adakagwira ntchito yosungitsa mtendere ku Rwanda, Côte d'Ivoire ndi Democratic Republic of Congo ali ndi mamendulo a United Nations. Chitsulo chake ndi chimodzimodzi kulikonse, chosiyanitsa ndi riboni. Apa ndiye nambala imawerengadi maulendo: 2 pa riboni ya United Nations akutanthauza kuti msilikaliyo adatumikira kachiwiri pa ntchito yomweyo. Nyumba imodzi ikhoza kukhala ndi 8 wa agogo ndi 2 wa mdzukulu, manambala awiri osayenderana tanthauzo.

Ndondomeko, zachinyengo ndi kasungidwe

Mamendulo amavalidwa kumanzere, woyamba kukhala cha pakati pa chifuwa. Aukatswiri amatsogola, kenaka a kunkhondo motsata zaka, a utumiki wautali pambuyo. A nkhondo yachiwiri amayenda chonchi: 1939-45 Star, Africa Star, Burma Star, Defence Medal, War Medal. Wachibale akafuna kuvala a malemu pa mwambo wokumbukira asilikali, Lamulungu lachiwiri la November, ku chipilala cha ku Area 18 kapena cha ku Zomba, mwambo wa maiko a Commonwealth ndi woti avale kumanja.

Riboni yolakwika siitanthauza chinyengo nthawi zonse. Nsalu imatha msanga kuposa chitsulo, ndipo nkhalamba ikafuna kukaonekera ku boma inkapita kwa telala wa pakhonde, yemwe ankasoka chilichonse chofananako. Gule wa mganda, womwe udatengera perete wa asilikali, nawonso umakonda zonyezimira pachifuwa, ndiye mendulo yobwerekedwa ikhoza kubwerera itavala nsalu ina. Chinyengo chenicheni chimaonekera pachitsulo. Timisomali tolumikiza tizitsulo topingasa tikakhala tosiyana, tatsopano kapena tomatidwa ndi mtovu, wina adagwirapo. M'mphepete mukakhala mopyapyala mbali imodzi, dzina lakale lidapalidwa n'kulembapo lina. Zilembo za boma zidadindidwa ndi makina, zofanana kuya ndi kukula, pomwe zogoba ndi dzanja zimakhala zina zazikulu zina zazing'ono. Mendulo yachinyengo yoyengedwa m'chikombole imakhala yopepuka, ya timaenje, ndi mzere wa msoko m'mbali. Nkhope ya mfumu yofufutika, m'malo mokayikitsa, imatsimikiza: asilikali a Keyala ankapukuta mamendulo awo tsiku ndi tsiku mpaka mphuno ya mfumu kutha.

Kupukutako kudayenera kuthera pomwepo. Phulusa, mchenga, sitiliwulu ndi Brasso zimadya zilembo, ndipo kuda kwa siliva wakale si litsiro. Kansalu kofewa kouma n'kokwanira. Riboni yakale, ngakhale yosuluka ndi yong'ambika, isatayidwe kapena kuchapidwa. Yakale idali ya silika ndipo yatsopano ya ulusi wa pulasitiki imaoneka yowala mopitirira. Ofuna yatsopano yovala pa mwambo asunge yakaleyo mu envulopu, tizitsulo take tili pomwepo. Adani ake ndi dzuwa, chinyezi cha dzinja, njenjete, chiswe ndi utsi, choncho jumbo ya pulasitiki, khoma loyang'ana pawindo ndi denga la kukhitchini si malo ake. Bokosi louma, chilichonse chitakulungidwa m'pepala loyera, ndiye bwino.

Choononga kwambiri ndi kugawana. Pamaliro kapena pogawa chuma cha masiye, wina amatenga nyenyezi, wina ya siliva, wina buku, ndipo pakatha zaka khumi palibe chomwe chikunena kanthu. Ogula zitsulo amayeza siliva pa sikelo, pomwe osonkhanitsa amalipira mbiri ya munthu mmodzi yathunthu: mamendulo onse, mariboni ake, buku la malipiro, chikalata chotulukira usilikali ndi chithunzi. Banja likhoza kusankha wosunga mmodzi, n'kujambula zonse ndi foni, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mphepete, komanso kulemba papepala dzina la mwini, mudzi, mfumu ndi zomwe akuluakulu akukumbukira.

Wofuna kutsimikiza ayambe ndi nambala ija. Bungwe la asilikali akale la Veterans and Ex-Service Members League of Malawi ndi poyambira pabwino. National Archives ku Zomba imasunga mafayilo a boma la atsamunda, ndipo laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre ili ndi mabuku ndi zithunzi za Keyala. Makaundula a mamendulo a nkhondo zakale ndi a nkhondo yoyamba ali ku National Archives ya ku Kew, ku London, ena mwa iwo pa intaneti. Maina a olandira tsamba la mkuwa ndi mamendulo aukatswiri amafufuzidwa mu London Gazette, ndipo a omwe sadabwerere amafufuzidwa m'kaundula wa Commonwealth War Graves Commission, poyesa kalembedwe kangapo ka dzina limodzi.